UTSI WA SITIMA ZA PANYANJA NDI THUMBA LA MUNTHU WA KU JOHANNESBURG

Nkhani yathu ya lero iri ya sitima zazikulu za panyanja yamcere, ya utsi umene sitimazo zimatulutsa, ndi ya malamulo amene maiko a dziko lapansi akhala alikupangana kuti utsiwo ucepe.

Wina adzafunsa kuti, kodi ife tiri nazo ciani sitima za panyanja? Mzinda wa Johannesburg uli pamtunda, mamita oposa 1,700 pamwamba pa nyanja, ndipo doko limene umadalira koposa, ndilo Durban, liri pa ulendo wa makilomita pafupifupi 570. Malawi ndi Zambia alibe gombe la nyanja yamcere ngakhale la phazi limodzi. Funso limeneli liri loyenera, ndipo yankho lace ndi ili: lamulo liri lonse lokhudza mafuta a sitima limakhudza mtengo wa katundu, ndipo mtengo wa katundu umafika m'thumba la munthu ali yense, ngakhale iye sanaonepo nyanja cibadwire. Cifukwa cace kuyenera kuti tidziwe cimene cirikukambidwa, amene alikukamba, ndi kumene ndalama zidzapita.

MZINDA WA SITIMA WOPANDA NYANJA

Johannesburg anabadwa m'caka ca 1886, pamene golidi anapezeka pa Witwatersrand. Makina olemera okumbira migodi sanali kupangidwa kuno ai. Anali kucokera ku Ulaya pa sitima za panyanja, natsitsidwa pa madoko, nakwezedwa kumtunda pa ngolo za ng'ombe. Posacedwa madoko anayamba kupikisana kuti afike ku migodi ndi njanji zao. Njanji ya ku Cape inafika m'caka ca 1892, ndipo m'caka ca 1895 zinatsegulidwa ya ku Lourenço Marques, kumene lero tikuchula Maputo, ndi ya ku Durban. Kuyambira masiku amenewo, mzinda uno wakhala ukupuma ndi mapapo a madoko.

M'caka ca 1977 anatsegula doko la pamtunda pa City Deep, kum'mwera kwa pakati pa mzinda, pa dera limene linali la mgodi wa golidi. Pamenepo palibe madzi, koma pamaunjikidwa makontena, ndiwo mabokosi aakulu acitsulo onyamulira katundu, amene atsika m'sitima ku Durban nabwera pa njanji kapena pa malole. Kucokera m'Johannesburg malole ena amalunjika kumpoto, naoloka pa Beitbridge, napyola Harare, Nyamapanda ndi Tete, kufikira alowa m'Malawi pa Mwanza. Katundu wina wa Malawi amadzera pa Beira, pa Nacala, kapena pa Dar es Salaam. Feteleza, petulo, mankhwala a m'cipatala ndi zobvala zimalowera njira zimenezi. Fodya, tiyi ndi shuga zimatulukira momwemo. Pa dziko lonse lapansi, magawo oposa 80 mwa magawo 100 ali onse a katundu wa malonda a pakati pa maiko, poyesa kuculuka kwace, amayenda panyanja.

UTSI NDI ZOCITA ZACE

Sitima zambiri zazikulu zimayenda ndi mafuta akuda, olemera, onga phula, amene amatsalira pansi akatha kuyenga petulo, palafini ndi dizilo. Mafuta amenewa ali ochipa, ndipo ndico cifukwa cace eni sitima anawakonda. Akapsa mu injini amatulutsa mpweya umene akatswiri auchula carbon dioxide. Cinthu codabwitsa ndi ici: tani imodzi ya mafuta imabala matani oposa pang'ono 3 a mpweyawo, pakuti kaboni wa m'mafuta amagwirana ndi mpweya wa mumlengalenga pamene alikupsa, ndipo kulemera kwa ziwirizo kumaphatikizana.

Mpweya umenewu suoneka ndi maso, ndipo sununkha. Kuopsa kwace kuli pa kukhalitsa kwace mumlengalenga zaka zambirimbiri, ndi pa nchito imene umacita kumeneko. Dzuwa limatenthetsa nthaka ndi nyanja, ndipo kutenthako kumayenera kubwerera kumwamba. Mpweyawu umakhala ngati bulangete lofunda dziko lonse: bulangete limodzi liri labwino, pakuti popanda ilo dziko likadazizira koopsa, koma mukaonjezera laciwiri ndi lacitatu, wogonayo amayamba thukuta. Anthu akhala alikuonjezera mabulangete kuyambira pamene anayamba kuocha malasha ndi mafuta ambiri.

Akatswiri atawerengera, anapeza kuti m'caka ca 2018 sitima zonse zinatulutsa matani 1,076 miliyoni a mipweya yotenthetsa dziko, ndiko kuti pafupifupi magawo 3 mwa magawo 100 a mipweya yonse imene anthu anatulutsa. Magawo 3 amveka ngati ocepa, koma apambana kawiri utsi wonse wa dziko la South Africa, pamodzi ndi nyumba zace zonse za magetsi a malasha. Tinenenso zoona kuti sitima siiri yoononga koposa zonyamula zina ai. Kunyamula thumba limodzi la feteleza kilomita imodzi, sitima imatha mafuta ocepa kwambiri poyerekeza ndi lole, ndipo ndege ndiyo imadya koposa zonse. Bvuto liri pa kuculuka kwa katundu ndi kutalika kwa maulendo.

Zotsatira za kutentha kwa dziko sitifunika kuzifuna kutali. M'mwezi wa March caka ca 2019, namondwe Idai anagwa pa Beira, doko lomwelo limene Malawi amadalira. Mu April 2022 cigumula ca ku Durban cinapha anthu oposa 400, cinakokolola makontena, ndi kugumula mseu wolowera ku doko, kotero kuti katundu wa ku Johannesburg anaima. Mu March 2023 namondwe Freddy anapha anthu oposa 600 kum'mwera kwa Malawi. Anamondwe analipo ndi kale lomwe, koma akatswiri a zanyengo atiuza kuti nyanja yofunda imawapatsa mphamvu, ndi kuti mpweya wofunda umasenza madzi ambiri, amene pogwa amagwa mvula yoopsa.

UTSI WOPANDA MWINI

Tsono ngati bvuto liri lodziwika cotere, bwanji boma liri lonse silingoletsa? Taganizani za sitima imodzi. Inamangidwa ku Korea, mwini wace ali wa ku Greece, mbendera imene iri pa mlongoti wace ndi ya Liberia, amalinyero ace ali a ku Philippines, mafuta inamwa ku Singapore, ndipo yasenza katundu wa ku China wopita ku Durban, amene wogula wace ali ku Lilongwe. Utsi wace unatuluka pakati pa nyanja ya India, pamene palibe mfumu. Kodi mlandu wa utsiwo tiuika pa yani?

Kumudzi timadziwa kuti moto wa m'chire la pakati pa midzi iwiri umabvuta kuzima, cifukwa mudzi uli wonse umati si chire lathu. Momwemo ndi utsi wa panyanja. Ndiponso mwini sitima ali ndi ufulu wakulembetsa sitima yace m'dziko limene afuna. Maiko atatu amene mbendera zao zasenza sitima zambiri koposa ndiwo Liberia, Panama ndi Marshall Islands, ngakhale eni sitimazo ambiri sakhala kumeneko. Dziko limodzi likakhwimitsa lamulo palokha, eni sitima angathe kungosintha mbendera.

Cifukwa ca ici, pamene maiko anapangana ku Kyoto m'caka ca 1997 za kucepetsa mipweya yotenthetsa dziko, sanagawe utsi wa sitima pakati pa maiko. Anaupereka m'manja mwa bungwe la United Nations loona za panyanja, lochedwa International Maritime Organization, mwacidule IMO. Pangano la ku Paris la 2015 nalonso silinachule sitima. Bungwe la IMO linakhazikitsidwa ndi pangano la ku Geneva la 1948, limene linayamba kugwira nchito m'caka ca 1958. Likulu lace liri ku London, ndipo mamembala ace ali maiko oposa 170. South Africa ndi Mozambique alimo, ndipo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe nawonso ali ndi mipando, angakhale alibe gombe.

Bungweli linayamba ndi nkhani za citetezo ca miyoyo panyanja. Koma m'caka ca 1967 sitima ya mafuta yochedwa Torrey Canyon inasweka pa miyala kufupi ndi England, mafuta ace nadetsa magombe. Ngozi imeneyi inafulumizitsa pangano lalikulu loletsa sitima kuipitsa nyanja, lochedwa MARPOL, la 1973, limene linakonzedwanso m'caka ca 1978. Gawo lace lacisanu ndi cimodzi, lonena za utsi, analibvomereza m'caka ca 1997, ndipo linayamba kugwira nchito m'caka ca 2005.

Pali citsanzo cimodzi coonetsa kuti malamulo otere angathe kumveredwa. Mafuta akuda aja ali ndi sulufule wambiri, amene utsi wace umadwalitsa zifuwa za anthu okhala m'mbali mwa madoko. Kuyambira pa 1 January 2020 lamulo linatsitsa mlingo wa sulufule wololedwa m'mafuta kucoka pa magawo 3.5 mwa 100 kufika pa theka la gawo limodzi. Ambiri anaopa kuti malonda adzasokonezeka, koma sitima zinasintha mafuta, zina zinaika makina otsuka utsi, ndipo malonda anapitirira. Mphamvu ya lamulo iri pa doko: oyendera sitima ali ndi ulamuliro wakukwera m'sitima ya mbendera iri yonse, kuona makalata ace ndi mafuta ace, ndi kuitsekereza ngati yalakwa. M'South Africa nchito imeneyi iri ya bungwe la SAMSA, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1998.

MAKWERERO A LAMULO

Kucotsa sulufule kunali kwapafupi, pakuti mafuta anakhala mafuta omwewo, oyeretsedwa cabe. Kucotsa kaboni kuli kwina, cifukwa kaboni ndiye thupi lenileni la mafutawo. Conco maiko akwera pang'onopang'ono, monga munthu akwera makwerero.

Khwerero loyamba linali la 2011, pamene anapangana kuti sitima zatsopano zizimangidwa mosadya mafuta ambiri. Lamulolo linayamba m'caka ca 2013. Laciwiri linali la April 2018, pamene anaika colinga cakuti pofika 2050 utsi wa sitima ukhale utatsika ndi theka, poyerekeza ndi wa 2008. Lacitatu linayamba mu January 2023: sitima iri yonse yaikulu imapatsidwa cizindikiro caka ndi caka, kuyambira A kufikira E, monga ana a sukulu pa mayeso. Imene yalandira E kamodzi, kapena D zaka zitatu zotsatana, iyenera kulemba m'mene idzakonzere mayendedwe ace. Ndipo mu July 2023 maiko anakweza colinga cija: utsi utsike ndi magawo osacepera 20 mwa 100 pofika 2030, ndi magawo osacepera 70 pofika 2040, ndipo ca m'ma 2050 sitima zileke kuonjezera mipweya imeneyi mumlengalenga.

Kodi sitima ingacepetse bwanji utsi? Njira yapafupi koposa ndiyo kuyenda pang'onopang'ono. Madzi amakaniza sitima mwamphamvu pamene iyo ifulumira, kotero kuti kucepetsa liwiro ndi gawo limodzi mwa magawo 10 kumapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a mafuta a ulendo wonse. Njira ina ndiyo kupala ndere ndi tizirombo ta zigoba timene timamatirira kunsi kwa sitima. Ena abwerera ku nzeru ya makolo, ya ngalawa za matanga: m'caka ca 2023 sitima yonyamula katundu yochedwa Pyxis Ocean inayamba ulendo itaikidwa matanga awiri olimba, otalika ngati nsanja, kuti mphepo ithandize injini.

Koma zonsezi zimacepetsa cabe, sizimaliza. Kuti utsi uthe pafunika mafuta a mtundu wina. Ena ayesa methanol, ndipo m'caka comweco ca 2023 kampani ya Maersk inayamba kuyendetsa sitima ya makontena yochedwa Laura Maersk, yotha kuyenda ndi mafuta amenewa. Ena ayang'ana ku amoniya, yemweyo amene amapangira feteleza; mulibe kaboni m'menemo, koma ali ndi ululu woopsa akataika. Bvuto la mafuta onse atsopanowa ndi limodzi: ali okwera mtengo kwambiri kupambana mafuta akuda. Palibe mwini sitima adzagula mafuta odula pamene mnzace wopikisana naye alikugula ochipa. Apa ndipo pagona nkhani ya ndalama.

MLANDU WA NDALAMA

Pa bwalo la ku London pakumana miyambo iwiri yosagwirizana. Woyamba unakhazikika pa msonkhano wa ku Rio de Janeiro wa 1992, ndipo unabwerezedwa muno m'Johannesburg, pa msonkhano waukulu wa maiko umene unacitikira ku Sandton kuyambira pa 26 August kufikira pa 4 September 2002. Mwambowu umati maiko onse ali ndi udindo wosamala dziko lapansi, koma udindowo suli wolingana: amene analemera ndi kuocha malasha zaka mazana awiri ayenera kusenza katundu wolemera kupambana amene angoyamba kumene. Mwambo waciwiri ndiwo wa IMO, wakuti sitima zonse ziweruzidwe mofanana, posayang'ana mbendera. Cifukwa cace taciona kale: mukapeputsa lamulo pa mbendera za maiko osauka, sitima zonse za anthu olemera zidzathamangira ku mbenderazo. Njira yokha yoyanjanitsa miyambo iwiriyi ndiyo yakuti onse alipire mofanana, koma pogawa ndalama zosonkhedwazo akumbukire osauka.

M'caka ca 2021 maiko awiri a zilumba za m'nyanja ya Pacific, Marshall Islands ndi Solomon Islands, anapempha kuti pakhale msonkho wa madola 100 pa tani iri yonse ya utsi. Kwa iwo nkhaniyi iri ya moyo ndi imfa, pakuti nyanja ikakwera zilumba zina zidzamira. Koma maiko ena, makamaka amene ali kutali ndi misika yao ndipo amagulitsa katundu wolemera wa mtengo wocepa, anacita mantha. South Africa ali mmodzi wa maiko otere. Malasha ace amatulukira pa Richards Bay. Miyala ya citsulo imacoka ku Sishen pa njanji ya makilomita 861 kupita ku Saldanha Bay. Malalanje ndi mandimu ace amaoloka nyanja masabata angapo kuti afike ku Ulaya, kumene amapikisana ndi zipatso za ku Spain zimene zimangofika pa lole. Ulendo ukatalika, msonkho wa utsi umakulanso.

Atakangana zaka zinai, mu April 2025 anafika pa cimvano ca pakati. Sanaike msonkho pa tani iri yonse, koma anaika mizere iwiri imene idzatsika caka ndi caka, yoyesa kaboni wa m'mafuta a sitima zazikulu, zimene zimatulutsa pafupifupi magawo 85 mwa 100 a utsi wonse wa sitima za pakati pa maiko. Mzere wapafupi unali wakuti kaboni atsike ndi magawo 4 mwa 100 m'caka ca 2028, kufikira magawo 30 m'caka ca 2035; mzere wobvuta unali wa magawo 17 kufikira 43 pa zaka zomwezo. Sitima yolephera mzere wobvuta wokha ikanalipira madola 100 pa tani ya utsi wopitirira. Yolephera ndi wapafupi womwe ikanalipira madola 380 pa tani. Yocita bwino kupambana mizere yonse ikanatha kugulitsa zotsala zace kwa inzace. Ndalama zikanalowa m'thumba limodzi la maiko onse, lolipira mphotho kwa ogwiritsa nchito mafuta oyera, ndi lothandiza maiko osauka pa kusinthaku. Poponya voti, maiko 63 anabvomera, South Africa ali mmodzi wa iwo, ndipo 16 anakana, ambiri a iwo ali maiko ogulitsa mafuta.

Panatsala kuti pangano lisindikizidwe pa msonkhano wa October 2025. Koma boma la United States, pansi pa Pulezidenti Donald Trump, linalikana kolimba, nilichula msonkho woikidwa pa anthu ace ndi alendo, ndipo linacenjeza poyera kuti maiko olibvomera angathe kulangidwa pa malonda, pa misonkho ya pamadoko ndi pa zilolezo zolowera m'dzikolo. Saudi Arabia anapempha kuti paponyedwe voti yoimitsa msonkhano. Pa 17 October 2025 maiko 57 anabvomera kuti nkhaniyo iimitsidwe caka cimodzi, 49 anakana, ndipo 21 sanaponye mbali iri yonse.

ULAYA SANADIKIRE

Wina angaganize kuti kuimitsako kunapulumutsa thumba la munthu wosauka. Tisafulumire. Maiko a European Union anatopa ndi kudikira kale, ndipo kuyambira January 2024 anaika sitima zazikulu pansi pa lamulo lao la iwo okha. Sitima iri yonse yoima pa doko la kumeneko iyenera kugula zilolezo za utsi wace: utsi wonse wa ulendo wa pakati pa madoko a Ulaya, ndi theka la utsi wa ulendo wocokera kunja kapena wopita kunja. Anayamba ndi kulipiritsa magawo 40 mwa 100 a utsi wa 2024, magawo 70 a utsi wa 2025, ndi wonse kuyambira wa 2026.

Tanthauzo lace ndi ili: sitima yosenza malalanje a ku Limpopo kapena fodya wa ku Kasungu kucoka ku Durban kapena ku Beira kupita ku Rotterdam kapena ku Antwerp ilipira kale theka la utsi wa ulendo wace. Kampani ya sitima imaonjezera ndalamazo pa mtengo wonyamulira. Ndipo ndalamazo zimalowa m'mosungira cuma ca maiko a Ulaya. Ife tiribe mau pa kagawidwe kace. Conco funso lenileni siliri lakuti kodi utsi udzalipiridwa kapena ai. Funso ndi lakuti udzalipiridwa kwa yani, ndi pa bwalo liti. Pakakhala lamulo limodzi la dziko lonse, Malawi ali ndi voti imodzi monga Germany ali nayo imodzi. Pakakhala malamulo ambiri, dera liri lonse lolemera ndi lace, maiko ang'ono adzalipira pa zipata zambiri osafunsidwa kanthu.

Sitibisa kuti lamulo la dziko lonse nalonso liri ndi mtengo wace. Pa katundu wopepuka ndi wodula, monga foni ya m'manja kapena nsapato, coonjezeracho cidzakhala cacing'ono, cosazindikirika. Koma pa katundu wolemera ndi wochipa, monga feteleza, tirigu ndi simenti, mtengo wonyamulira uli gawo lalikulu la mtengo wonse, ndipo uyu ndiye katundu amene mlimi ndi mai wa pabanja amagula. Ici ndico cifukwa cace maiko a mu Africa akhala alikuumirira kuti nkhani ya cakudya ilembedwe m'panganolo, ndi kuti thumba lija likumbukire maiko osauka koposa.

MWAI UMENE ULI PA GOMBE LATHU

Pali mbali ina imene anthu a cuma a m'Johannesburg alikuiyang'ana. Njira ya ku Cape iri imodzi ya miseu yaikulu ya panyanja. Pamene ngalande ya Suez inatsekedwa kuyambira 1967 kufikira 1975, sitima za pakati pa Asia ndi Ulaya zinazungulira kuno. Kumapeto kwa 2023, pamene sitima zinayamba kuomberedwa pa Nyanja Yofiira, zambiri zinabwereranso ku njira yomweyi, ulendo nutalika ndi masiku ngati 10. Sitima yodutsa imafuna pomwera mafuta.

Mafuta oyera amapangidwa ndi magetsi: magetsi amang'amba madzi natulutsa mpweya wa hydrogen, umene auphatikiza ndi mpweya wina wa mumlengalenga kuti ukhale amoniya. Cigawo ca Northern Cape ndi dziko la Namibia ziri ndi dzuwa lowala ndi mphepo yamphamvu zimene maiko ambiri alibe, ndipo pakhala mapulani a mafakitale otere ku Boegoebaai, ku Coega ndi ku Saldanha Bay. Makina ena ong'ambira madzi amafuna platinamu, ndipo South Africa ndiye amakumba platinamu wambiri kupambana maiko onse, m'migodi yonga ya ku Rustenburg. Koma pali msampha. Pangano la 2025 linawerenga utsi kuyambira kumene mafuta apangidwira, osati pa cumuni ca sitima pokha. Amoniya wopangidwa ndi magetsi a malasha sali woyera, ndipo magetsi ambiri a South Africa akali kucokera ku malasha a ku Mpumalanga. Ndiponso palibe mwini cuma adzamanga fakitale ya ndalama zambiri asanatsimikize kuti ogula adzakhalapo, ndipo ogula adzakhalapo pokhapo lamulo litawakakamiza. Kucedwa kwa lamulo ku London kuli kucedwa kwa nchito pa gombe lathu.

Cina cimene ciri m'manja mwathu eni, cosadikira msonkhano uli wonse, ndico njanji. Ali yense amene anayenda pa mseu wa N3 wa pakati pa Durban ndi Johannesburg waona mndandanda wa malole osatha. Kontena imene yaoloka nyanja pa mafuta ocepa imamaliza ulendo wace pa lole yodya dizilo wambiri. Kwa Malawi, nthawi zambiri ulendo wa pamtunda wocoka pa doko umadula kupambana ulendo wonse wa panyanja. Kukonza njanji ya ku City Deep ndi ya ku Nacala, ndi kucepetsa masiku amene malole amagona pa zipata za malire, kungabweze m'thumba la wogula zambiri zimene lamulo la utsi lingacotsemo.

MAU OTSIRIZA

Tsono, akumva, pamene mudzamva pa wailesi kuti maiko asonkhananso ku London pa nkhani ya sitima, musati iri nkhani ya Azungu ndi nyanja zao. Funsani zinthu zitatu. Kodi nthumwi za dziko lathu zinalipo, ndipo zinaponya voti mbali iti? Kodi ndalama za utsi zidzalowa m'thumba la maiko onse kapena la dera limodzi? Ndipo kodi pogawa adzakumbukira maiko opanda gombe, amene amalipira ulendo kawiri, panyanja ndi pamtunda? Akulu anati nkhanga zinapangana kusanace. Maiko a kuno kum'mwera kwa Africa, amene amamwera madoko amodzi ndi kukumana ndi anamondwe amodzi, ayenera kupangana kwao kuno asanakwere ulendo wa ku London, kuti pofika pabwalo alankhule ndi liu limodzi.